Labu yoyeza madzi ya ku Southerton, kumene mwana wa mlongo wanga akuchitira atachimenti

Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ku Mufakose, muno mu Harare ku Zimbabwe, pamakhala amayi awiri atatu ondiimitsa pageti ndi funso limodzimodzi: "Atelala, mtsikana wanu uja malo ophunzirira ntchito anawapeza bwanji? Nanga malowo ndi abwino?" Ndayankha mpaka kukhosi kwauma, choncho ndalemba kamodzi kuti aliyense adziwerengere. Dzina la labuyo sinditchula, chifukwa mwanayo adakali komweko mpaka Julayi ndipo zina zimene ndinene pano eniake sangakondwere nazo. Ndi labu yaing'ono, si ya boma, ili kumafakitale a ku Southerton. Ntchito yake ndi kuyeza madzi a m'mijigo, a m'zitsime ndi a makampani ogulitsa madzi a m'mabotolo.

Mtsikanayu ndi mwana wa mlongo wanga. Bambo ake anamwalira iye ali Fomu 2, ndiye za sukulu zonse zinagwera ine malume wake. Akuphunzira sayansi ku University of Zimbabwe, ku Mount Pleasant. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza n'kufika kuno pa malole a Ulere onyamula anthu ofuna ntchito, ankakonda kunena kuti sukulu imeneyo ili ndi dzina lathu pamaziko, poti ophunzira oyamba akulowa mu 1957 inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Iwo ankangoionera kunja kwa mpanda popita kukaphika m'nyumba za azungu. Mdzukulu wawoyu ndiye woyamba m'banja mwathu kulowa pageti limenelo atanyamula mabuku.

Chaka chachitatu ana sakhala m'kalasi. Amapita kukagwira ntchito, zimene aliyense kuno amangoti atachimenti, ndipo popanda zimenezi digiri situluka. Sukulu imapereka kalata, koma kawirikawiri malo mwana amasaka yekha. Mitima ya onse imathamangira kumalo otchuka: SIRDC, likulu la kafukufuku wa sayansi ndi mafakitale ku Hatcliffe, Kutsaga kufupi ndi bwalo la ndege kumene amafufuza za fodya, CIMMYT pamsewu wa ku Mazowe kumene amakonza mbewu za chimanga zopirira chilala, BRTI ku Avondale ndi kafukufuku wa TB ndi HIV, kapena AiBST ya Pulofesa Collen Masimirembwa, amene amadziwika pofufuza mmene matupi a anthu a mu Africa amalandirira mankhwala. Wopeza malo kumeneko wachita mwayi. Koma mipando ya mu labu imawerengeka, pomwe ana oifuna akuchokera ku Mount Pleasant, ku Harare Institute of Technology ya ku Belvedere, ku Harare Polytechnic, ena ku Bindura, ku Chinhoyi ndi ku Gweru, onse nyengo imodzi.

Ife tinayamba ndi kuphonya, ndipo ndinena poyera kuti wina asagwere m'dzenje lomwelo. Pagulu la WhatsApp la ophunzira panali mwamuna wina amene ankati amapezera ana malo bola mumupatse madola 60 oyambira. Mtsikanayu anali atayenda milungu isanu osapeza kanthu, nkhope itagwa, ndiye ndinatapa pa ndalama ya nsalu za makasitomala n'kutumiza pafoni. Anatiuza tidikire Lolemba. Lolemba litakwana anati Lachinayi. Sabata yachitatu foni yake inasiya kulira. Munthu woitanitsa ndalama musanaone khomo la labu, musiyeni apite.

Malo amene ali lero anawapeza ndi miyendo. Anasindikiza makalata 20, anatsika kombi ku Southerton n'kuyamba kugogoda geti ndi geti. Pa labu iyi anamulowetsa kwa mayi wina wachikulire, mkulu wa oyeza. Mayiyo kalata anangoiika pambali. Anamupatsa pipeti (kachubu kotungira madzi mwa muyezo), kapu ya madzi ndi sikelo, n'kumuuza kuti atunge mamililita 10 kasanu, ulendo uliwonse aziyeza kulemera kwake. Manambala anatuluka osiyana pang'ono. Atamufunsa chifukwa, mwana anati dzanja limanjenjemera, ndiponso ulendo wachiwiri sanayang'ane mzere molunjika ndi diso. Mayiyo anati, "Wanena zoona. Ubwere Lolemba 7 koloko." Atandifotokozera madzulo ake ndinadziwa kuti wagwa m'manja mwa wodziwa ntchito, chifukwa nanenso mnyamata wofuna kuphunzira kusoka ndimamuonera pa kagwiridwe ka sizasi.

Chovala choyera cha mu labu kampani sipereka. Ndinati palibe vuto, telala ndine, ndipo ndinasoka usiku umodzi ndi nsalu yotsala pa yunifolomu ya kwaya. Chinabwerera tsiku lomwelo ndi uthenga. "Uwauze amalume ako kuti kusoka asoka bwino, koma nsalu iyi ikagwira moto imasungunuka n'kumata pakhungu. Apeze ya thonje lenileni, manja afike mpaka pamfundo ya dzanja, ndipo aike mabatani odina kuti asidi akakutayikira uvule kamodzi n'kamodzi." Zaka 30 ndili pamakina, za mabatani zimenezi ndinali ndisanazimve. Ndinagula mamita atatu a thonje lolimba n'kusokanso, ndipo ndinaonjezera kathumba kakang'ono pachifuwa koikamo cholembera chosafufutika chimene amalembera pamabotolo.

Miyezi iwiri yoyamba inandikwiyitsa. Ndikamufunsa kuti lero waphunzira chiyani, yankho linali limodzi, watsuka mabotolo. Zala zinayamba kusuwa ndi sopo. Ndinkawerengera ndalama ya kombi, ziwiri popita ziwiri pobwera, n'kumadzifunsa ngati mbumba yanga ndinaitumiza ku yunivesite kuti ikakhale yotsuka ziwiya za eni. Tsiku lina ndinafunditsa makina masana n'kupita komweko.

Mayi uja anandilandira mwaulemu, tinalankhula m'Chishona. Anandiveka chovala cha alendo n'kunditengera kuchipinda chakuseri, kumene kuli mphika waukulu wachitsulo wotseka ndi zomangira, umene amati otokilevu. Botolo lililonse lotengera madzi limalowa mmenemo, nthunzi n'kufika madigiri 121 kwa mphindi 15, ndipo pachivindikiro amamatapo katepi kamene mizere yake imada kutentha kukakwana. Kenako anatsitsa mabotolo awiri pashelefu, onse owala mbee, n'kundifunsa kuti loyera ndi liti. Sindinathe kusiyanitsa. "Bambo," anatero, "botolo likatsala ndi tizilombo, ine ndilemba kuti mjigo wabwino ndi woipa, sukulu iutseka, ana azikatunga kudambo. Likatsala ndi sopo kapena klorini, tizilombo tifera m'botolo momwemo, ine ndilemba kuti madzi oipa ndi abwino, anthu amwa. Mwana wanu ndikamukhulupirira pa mabotolo, zina zonse ndimupatsa." Ndinabwerera kunyumba mtima uli pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi wachitatu anamusamutsadi.

Zimene akuchita tsopano ndinaziona ndi maso anga, chifukwa ndinapitanso ngati kasitomala. Mumsewu mwathu muli mjigo, chibhorani mwa kanenedwe ka anzathu kuno, umene mabanja ambiri timadalira mipopi ikauma. Ife a kumadzulo kwa Harare kolera timaidziwa. Ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Budiriro inali pakati pa moto. Mu Sepitembala 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro, mijigo ina n'kutsekedwa itapezeka kuti zonyansa za m'suweji zalowamo. Mu 2023 inasautsa ku Kuwadzana, pafupi ndi ife. Ndiye mvula ya Januwale itagwa, suweji n'kuphulika chakumtunda kwa mjigo wathu, tinasonkherana madola 45 kuti madzi akayezedwe.

Ine ndinali nditakonzeratu botolo la Mazoe lotsuka bwinobwino. Mtsikanayu analikana. Anabwera ndi lake la mu labu lomata katepi kaja. Anauza anyamata apope kwa mphindi zingapo kuti madzi ogona m'paipi achoke, anawaula kukamwa kwa mpopi ndi thonje loviika mu sipiriti, kenako anatunga osakhudza mkati mwa chivindikiro. Analemba nthawi pabotolo, 6:40, n'kuliika m'kabokosi ka ayezi. "Amalume, tiyeni tifulumire, madziwa afike asanathe maola 6." Amayi amene anali pamzere ndi zigubu anangoti chete kumuyang'ana, mwana yemwe anamuona akusewera phada mumsewu womwewo.

Ku labu anandilola kuonerera pagalasi. Anathira mamililita 100 m'kafanulo kachitsulo. Pansi pake panali kapepala koyera kozungulira, kamizeremizere, kamene mabowo ake ndi 0.45 ya maikuloni, aang'ono moti madzi amadutsa koma mabakiteriya amatsalira pamwamba. Kapampu kanakoka madzi onse. Ananyamula kapepalako ndi kopanira kowaula pamoto, anakagoneka m'kambale kokhala ndi chakudya chofiira cha tizilombo, n'kuika m'chofungatira pa madigiri 44. Anandiuza kuti kutentha kumeneku amakusankha dala: tizilombo tochokera m'matumbo mwa munthu ndi nyama timakula pamenepo, pomwe tambiri ta m'dothi timalephera. M'mawa mwake pakapepala panali timadontho tachikasu ngati njere za mawere, kadontho kalikonse ndi mudzi wa tizilombo umene wakula usiku umodzi. Anawerenga ndi kagalasi, 23. Mayi uja anawerenganso payekha osamva nambala ya mwana, 23. Malangizo a WHO amati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi.

Loweruka lake anaima pamjigo n'kufotokozera amayi, mwina m'Chichewa mwina m'Chishona malinga ndi amene wafunsa. Anati madziwa m'maso ndi oyera koma chimbudzi chalowamo, ndipo mpaka suweji ikonzedwe aziwiritsa, kapena athire WaterGuard, mankhwala a klorini, n'kudikira mphindi 30. Gogo wina anatsutsa kuti wamwa madzi amenewa zaka zambiri osadwala. Mwana sanachite makani. Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha kapepala kaja, n'kumuwerengera timadontho limodzi naye. Kwa ine atachimenti ndimaiyezera pamenepo. Ngati mwana wabwerako akutha kugwira chida yekha n'kufotokozera agogo ake zimene chaonetsa m'chinenero cha kunyumba, ndalama ya kombi sinapite pachabe. Pa muyezo umenewu labu iyi yakhoza.

Koma zilipo zimene zimandiwawa, ndipo choyamba ndi ndalama. Kuyambira mwezi wachinayi mwanayu akugwira ntchito yeniyeni imene makasitomala amalipira, masiku ena mabotolo 15 kapena 20, koma sanalandirepo ngakhale senti. Mayi uja anapempha mwini kampani, bambo wina amene amakhala mu ofesi yakutsogolo, kuti ophunzira azipatsidwako ya kombi yokha. Anakana, akuti ana amabwera kudzaphunzira ndiye athokoze. Ine patsiku ndimatulutsa pafupifupi madola anayi, kombi ndi kachakudya ka masana. Ndimakwanitsa chifukwa nyengo ya mayunifolomu a sukulu imandithandiza. Mnyamata wina wa ku Epworth amene anayamba limodzi ndi mtsikanayu, wanzeru ndithu, anasiya patatha milungu 6 chifukwa makolo ake analephera. Nkhani ya mnyamata ameneyu imandibaya mpaka lero. Kampani imene ikudya thukuta la mwana singasauke ndi madola awiri patsiku.

Chachiwiri ndi zodzitetezera. Magolovesi otaya akatha pakati pa mwezi, ana anauzidwapo kuti atsuke akale avalenso, pamalo pamene akugwira madzi a suweji. Ndinagula bokosi langa n'kumupatsa. Ndiponso jenereta yawo ndi yaing'ono. Magetsi akazima usiku chofungatira chimazizira, zonse zimene zinali mkati zimatayidwa, kasitomala n'kuuzidwa kuti abweretse madzi ena. Zachitika katatu chiyambire iye kupitako.

Monga kasitomala, dandaulo langa ndi kuchedwa kwa pepala. Anatilonjeza masiku atatu. Zotsatira zinadziwika m'mawa mwake, koma satifiketi inatuluka patatha masiku 9 chifukwa imadikira siginecha ya mwini kampani, yemwe anali pa ulendo. Ife tinadziwa msanga poti tinali ndi mwana mkati. Nanga wina amene alibe? Masiku 9 ana akumwa madzi a timadontho 23 ndi ambiri zedi, ndipo kuofesi kumene tinkafuna kukadandaula za suweji sakanatimvera popanda pepala. Lachisanu lililonse ophunzira amawaikanso pakauntala kuyankha mafoni, ndipo buku la sukulu lolembamo ntchito limatha mwezi osasainidwa. Izi ndi zazing'ono, ndingozitchula.

Amene mwana wawo akufuna kafukufuku weniweni amvetse kuti labu iyi ndi yamalonda. Amayeza zomwezomwezo tsiku ndi tsiku: mabakiteriya, pH (muyezo wa asidi m'madzi), kuda kwa madzi, mchere wa naitireti umene suyenera kupitirira mamiligalamu 50 pa lita. Funso latsopano palibe amene amalifunsa. Kafukufuku amene mtsikanayu ali naye anachokera mumtima mwa mayi uja, osati ku kampani. Atamva za mjigo wathu, anamuuza kuti asankhe makomo khumi mumsewu mwathu, aone kuti klorini amene amayi amathira amakhala nthawi yaitali bwanji m'ndowa yosavindikira poyerekeza ndi m'chigubu chotseka. Madzulo alionse amayenda ndi kabotolo ndi timapiritsi ta DPD toyezera klorini. Akaponya kamodzi madzi amasanduka apinki, iye n'kuyerekeza ndi khadi la mitundu, kufunafuna pakati pa 0.2 ndi 0.5 miligalamu pa lita. Ana amumsewu amamutsatira kudikira madzi asinthe mtundu. Mphunzitsi wake atabwera kuchokera ku yunivesite kudzamuyendera, anawerenga bukulo n'kunena kuti ntchito imeneyi ikhoza kukula kukhala pulojekiti ya chaka chomaliza.

Mayi yemweyo ndi amene anamuuza za Peter Morgan, amene m'zaka za m'ma 1970 ku Blair Research Institute muno mu Harare anakonza chimbudzi chokhala ndi paipi yotulutsa fungo ndi kasefa kotchinga ntchentche, chija tonse timachitcha Blair. Mu 2013 anapatsidwa Stockholm Water Prize. Mtsikanayu anabwera kunyumba tsiku limenelo akulankhula mosalekeza. Anali akuganiza kuti sayansi yolemekezeka imafuna makina a mamiliyoni, ndiye kumva kuti paipi ndi kasefa zinafika kutali chotero kunamusintha. Chimene ndikuopa n'chakuti ubwino wonse wa malo amenewa wakhazikika pa munthu mmodzi. Mayiyu akadzapuma pantchito, amene akufuna kutumizako mwana adzayambe wafunsa kuti wophunzitsa ana ndani tsopano.

Labuyi imachitanso maphunziro a milungu iwiri patchuthi cha Ogasiti a ana a Fomu 5 ndi 6, ndipo awa ndi olipira, madola 50. Ndinatumizako mng'ono wake wa mtsikanayu, mnyamata wa Fomu 5 amene amatenga kemisitiri, bayoloji ndi masamu. Maganizo anga ndi apakati. Anatenga ana 24 m'chipinda choyenera anthu 8, ndiye ambiri ankangoima kumbuyo kuonerera. Sabata yonse yoyamba mnyamatayu anagwira buleti, chubu chagalasi chodonthezera mankhwala mwa muyezo, kawiri kokha. Komabe kusukulu kwake zida ndi zochepa, ndipo mayeso a Fomu 6 a bungwe la mayeso la ZIMSEC ali ndi pepala logwira ndi manja. Kuona yekha madzi akusintha mtundu pa dontho lomaliza kunamuchotsa mantha amene anali nawo. Ngati sukulu ya mwana wanu ili ndi labu yoyenda bwino, madola 50 amenewo sungani. Ngati ilibe, mutumizeni, koma mumuuze kuti azifika msanga n'kuima kutsogolo, ndipo mufunse kaye kuti atenga ana angati.

Pali nkhani ina ya ife ana a obwera imene anzathu saiganizira. Pafomu iliyonse, ya atachimenti kaya ya thandizo la sukulu, amafuna chitupa, ndipo ena mwa ana athu akuyendabe ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo ngakhale iwo ndi makolo awo anabadwira konkuno. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula njira yakuti wobadwira muno, kholo lake lochokera m'dziko la SADC monga Malawi, akhale nzika. Mtsikanayu tinamusinthira chitupa ali Fomu 4. Mnzake wina wa kutchalitchi anazengereza, ndipo mwayi wina umene unkafuna nzika unamupitirira mapepala asanatuluke. Konzani izi mwana adakali ku sekondale, musadikire chaka chachitatu.

Ndiye kwa amayi a pageti aja, yankho langa ndi ili. Mwana wofatsa, wosanyansidwa ndi kutsuka mabotolo miyezi iwiri, amene kunyumba angakwanitse kombi ya chaka chonse, apite, adzabwerako ndi ntchito m'manja. Apite yekha ndi kalata m'mawa, asatumize pafoni, ndipo apemphe kuonana ndi mkulu wa oyeza, osati wa kuofesi. Musanavomere, funsani kuti adzayamba liti kuyeza yekha, buku adzasaina ndani, ndi kuti magolovesi agula ndani. Ngati madzi anu ndi okayikitsa ndipo mukufuna pepala mwamsanga, gwirizanani tsiku lenileni musanalipire.

Suweji ija inakonzedwa kumapeto kwa Febuluwale, ndipo Lachiwiri likubwerali mtsikanayu atunganso pamjigo kuti tione ngati timadontho tatha. Botolo wabwera nalo kale, lili pamwamba pa kabati ndi katepi kake. Mayi uja wanditumizira miyezo ya ophunzira atatu atsopano amene akuyamba mu Ogasiti kuti ndiwasokere zovala za mu labu, ndipo nsalu ya thonje ndagula dzulo.